Golide mu mulu wa kaunjika: kodi kugula motchipa kwa wosadziwa n'kuba?

Aliyense amene amatolera magemu akale koma thumba lake ndi losaya ali ndi loto limodzi, ndipo lotolo silisintha kaya munthuyo ali ku Osaka, ku Manchester kapena ku Limbe. Amalota tsiku limene adzavundukule katoni ya zinthu zakale pamsika, n'kupeza pansi pa mawaya opiringizika ndi marimoti akufa kaseti ya gemu yosowa kwambiri, wogulitsa n'kungoti, "Imeneyo ingondipatsani ya minibasi, bigi." Lotoli ndi lokoma, nanenso ndimalilota. Koma mukalisenda bwinobwino mupeza kuti muli anthu awiri, ndipo kuti litheke, wachiwiriyo ayenera kukhala wosadziwa chimene wagwira m'manja. Mwayi wa wogula watsamira pa kusadziwa kwa wogulitsa. Ndiye funso langa ndi ili: kutola mwayi wotere n'chilungamo, kapena ndi kuba kongovala suti?

Tiyambe ndi chimene chimapatsa pulasitiki yakale mtengo. Nintendo inatulutsa Famicom ku Japan mu 1983, ndipo makina omwewo anafika ku America mu 1985 atasinthidwa maonekedwe, akutchedwa NES. Sega inabwera ndi Mega Drive mu 1988, Game Boy inatuluka mu 1989, PlayStation ya Sony mu 1994. Ana amene anakulira pa makina amenewa pano ndi abambo ndi amayi a zaka za m'ma 40 ndi 50, ali pantchito, ndipo ena ali nazo ndalama zoti agulirenso ubwana wawo. Makaseti aja anasiya kupangidwa kalekale, ambiri anatayidwa, ofuna ndiye akungochuluka. Mu Julayi 2021, Super Mario 64 yosatsegula inagulidwa pa $1.56 miliyoni pa okushoni ya Heritage Auctions, ndipo mwezi wotsatira Super Mario Bros. yosatsegulanso inafika $2 miliyoni. Anthu ambiri anaikayikira mitengo imeneyi, ndipo msika unadzatsika, koma uthenga unali utamveka kale dziko lonse: m'makatoni a m'magalaja muli ndalama.

Ife ambiri kuno sitinakulire pa Nintendo yeniyeni, tisanamizane. Tinakulira pa timakina tachitchaina totengera Famicom, tija ta makaseti achikasu olembedwa kuti muli magemu 9999999, chonsecho ukayatsa ndi magemu ochepa omwewo obwerezabwereza: Mario, Contra, akasinja aja a Battle City, ndi abakha owombera ndi kamfuti kapulasitiki. Kenako kunabwera tinyumba ta magemu m'malokeshoni, kulipira pa gemu imodzi ya mpira pa PS2, wogonja asiye padi. Zinthu zenizeni za Nintendo kapena Sega zimafika kuno mwangozi: m'makontena a katundu wakale wochokera kunja, m'zikwama za achibale ochokera ku Joni, m'katundu wa alendo amene akugulitsa zawo pobwerera kwawo. Wogulitsa pamsika amadziwa mtengo wa nsapato, wa ketulo, wa chaja ya laputopu. Kaseti yolembedwa Chijapanizi sadziwa n'komwe kuti imalowa pati. Ndipo kwa munthu wolandira makwacha, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kugula pa eBay m'madola n'kulipiranso zotumizira ndi msonkho ndi nkhambakamwa chabe. Khomo limene latsala ndi la pamsika lomweli, ndiye funsoli limatipeza tili ndi ndalama m'manja, wogulitsa akutiyang'ana.

Nkhani imene otolera magemu amakonda kuifotokoza ndi ya Stadium Events. Iyi ndi gemu ya NES imene Bandai inatulutsa ku America mu 1987, yoseweredwa pothamanga pa kamphasa kapulasitiki. Inangokhala m'masitolo kanthawi kochepa, Nintendo n'kugula ufulu wake, choncho makope ake ndi ochepa zedi. Mu 2013, mayi wina ku North Carolina anaipeza m'sitolo ya zinthu zakale ya Goodwill pa $7.99, chinthu cha madola masauzande ambirimbiri. Nkhaniyi inafalitsidwa ngati ya mwayi, ndipo ine sindinamvepo munthu akuti mayiyo anaba. Koma tasinthani pang'ono. Muchotse sitolo yaikuluyo, muikepo agogo amene akugulitsa katundu wa m'nyumba kuti apeze fizi ya mdzukulu. Mtengo ukhale womwewo, wogula adziwe zomwezo. Mtima wanu ukunenabe kuti ndi mwayi? Wanga umayamba kukayika, ndipo ndikufuna kudziwa chifukwa chake, poti zochita za wogula sizinasinthe ngakhale pang'ono.

Funsoli ndi lakale kuposa magetsi. M'chaka cha 44 BC, Cicero wa ku Rome analembera mwana wake, amene ankaphunzira ku Athens, buku la De Officiis, lokamba za udindo wa munthu. M'gawo lachitatu muli chitsanzo cha wamalonda amene wachokera ku Alexandria ndi chombo cha tirigu n'kufika pa chilumba cha Rhodes nthawi ya njala. Iye akudziwa kuti zombo zina zambiri zili m'njira, ndipo zikafika mtengo ugwa. Anthu a pachilumbapo sakudziwa. Awauze, kapena agulitse modula mwakachetechete? Cicero anaika anzeru awiri kuti akangane. Diogenes wa ku Babylon ankati kukhala chete n'kosiyana ndi kubisa: bola usaname, ndipo unene zolakwika za katundu wako monga lamulo likufunira, sunalakwire munthu. Wophunzira wake Antipater wa ku Tarsus ankati ayi, anthu tinabadwira kuthandizana, ndiye sungabisire anzako chinthu chimene chikuwakhudza chonchi pofuna kuti iwe upindule. M'gawo lomwelo mulinso chitsanzo chimene chikunena ndendende za ife a makaseti: munthu akugulitsa golide akuganiza kuti ndi mkuwa. Kodi munthu wabwino amuuze, kapena agule ndi khobidi limodzi chinthu cha makobidi 1,000? Cicero anaima mbali ya Antipater. Kwa iye, kusiya dala munthu mumdima chifukwa mdimawo ukukupindulitsa ndi kubisa basi.

Makhoti ndiye amakonda kuima mbali ya Diogenes. Ku America kuli mlandu wotchuka wa 1817, Laidlaw v. Organ, ndipo ndi wa fodya, mbewu imene ife timaidziwa bwino. Mu 1815, Organ, wogula fodya ku New Orleans, anamva anthu ena asanamve kuti pangano la Ghent lathetsa nkhondo ya America ndi Britain. Izi zinkatanthauza kuti zombo ziyambanso kuyenda ndipo fodya akwera mtengo. Analawirira kukagula migolo ikuluikulu 111 pa mtengo wakale. Wogulitsa atamva nkhaniyo anakalanda fodyayo, mlandu n'kufika ku khoti lalikulu la dzikolo. Woweruza wamkulu John Marshall ananena kuti wogula analibe udindo woulula zimene ankadziwa, koma anachenjeza kuti aliyense asanene kapena kuchita kanthu konyenga mnzake.

Posachedwapa ku France kunachitika nkhani yoyandikira pamenepo. Banja lina la okalamba linagulitsa chigoba chakale cha mtundu wa Fang wa ku Gabon kwa wogula zinthu zakale pa €150. Mu Malichi 2022 chigobacho chinagulidwa pa okushoni ku Montpellier pa €4.2 miliyoni. Okalambawo anasuma, koma mu Disembala 2023 khoti la ku Alès linawakanira, likuti anayenera kufufuza asanagulitse, komanso panalibe umboni woti wogulayo ankadziwa mtengo wake tsiku logula. Safunsa anadya phula, ndicho chigamulo chake mwachidule. Boma la Gabon nalo linalowerera pa mlanduwo, poti chigobacho chinachoka kwawo nthawi ya atsamunda, koma silinaphule kanthu. Lamulo lili ndi zifukwa zake: msika sungayende ngati aliyense angathe kubweza malonda akangozindikira kuti akanapeza zambiri. Koma lamulo limangotiuza chimene sangatimangire. Zoti tigona tulo kapena ayi, limatisiyira tokha.

Tsono ndiyambe ndi kuikira kumbuyo wogula, chifukwa mlandu wake ndi wamphamvu kuposa mmene anthu a mtima wofewa amaganizira.

Choyamba, kudziwa sikugwa ngati mvula. Katswiri wa malamulo Anthony Kronman analemba mu 1978 kuti pali kusiyana pakati pa chidziwitso chimene munthu wachivutikira ndi chimene wangochitola panjira. Amene amazindikira kaseti yosowa pakati pa zinyalala watha mabandulo angati akuwerenga? Waphunzira kusiyanitsa kaseti ya Pokémon yeniyeni ndi yachinyengo poyang'ana lebulo ndi bolodi lam'kati. Wayenda pamsika Loweruka lililonse, mwina maulendo 30 osapeza kanthu, kulipira minibasi ulendo uliwonse. Ngati tsiku limene wapeza ayenera kupereka phindu lonse kwa wogulitsa, ndani adzavutikenso kuphunzira?

Chachiwiri, wogula amasenza chiopsezo. Pamsika palibe poyesera. Batire ya mkati mwa kaseti, imene imasunga pamene wasiyira gemu, imatha. Za Pokémon Gold ndi Silver zinatha msanga chifukwa zinkayendetsanso wotchi. Makapasita a Game Gear ya Sega amadontha mpaka makinawo kusiya kutulutsa mawu ndi chithunzi. Madisiki a PS2 amakalika, diso la makina limafooka. Ukagula chakufa, wogulitsa sakubwezera ndalama, ndipo palibe amene amalemba nkhani ya chilungamo pa zimenezo. Ndiye ngati zotayika n'zako wekha, bwanji zopeza zikhale zogawana?

Chachitatu, mtengo sukhala mkati mwa kasetiyo ngati mmene golide amakhalira m'mwala. Madola 300 amene mwaona pa intaneti ndi mtengo wa ku Ohio kapena ku Tokyo, kumene kuli ogula ambiri ndi njira zosavuta zotumizira katundu ndi kulandira ndalama. Pa benchi ya ku Limbe, mtengo wake ndi umene munthu wodutsa pamenepo angapereke, ndipo nthawi zambiri wodutsayo ndiwe wekha. Ukapanda kugula, ikhala padzuwa mpaka lebulo kuyera, mvula n'kumalizitsa. Mfundo iyi ili ndi kulemera kwake. Kafukufuku wa Video Game History Foundation wa 2023 anapeza kuti 87 peresenti ya magemu amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sakugulitsidwanso ndi eni ake. Makampani sasunga zonse. Nintendo inatseka sitolo ya pa intaneti ya 3DS ndi Wii U mu Malichi 2023. Amene akupulumutsa zambiri mwa zinthuzi ndi anthu wamba okonda kufukula makatoni.

Mfundo zitatuzi ndimazivomereza, ndipo n'chifukwa chake sindinena kuti aliyense wogula motchipa ndi mbava. Koma pali chinachake chimene zimalumpha. Ife a kuno timaudziwa bwino mpando wa wogulitsa wosadziwa, chifukwa ndi umene timakhalapo kawirikawiri. Mlimi wa soya kumudzi amagulitsa kwa venda wobwera ndi sikelo yake, vendayo akudziwa mtengo wa ku Lilongwe, mlimi sakuudziwa. Vendayo angathe kunena mfundo zonse zitatu zija osasintha liwu: ndinavutikira kudziwa msika, ndikusenza chiopsezo cha thiransipoti, ndipo ndikapanda kugula ine soyayu aonongeka. Zonse n'zoona. Komabe tikamva kuti mlimi wagulitsa thumba pa theka la mtengo chifukwa mwana wadwala, sitiombera vendayo m'manja kuti ndi wochenjera. Timadziwa kuti kusadziwa kwa mlimiyo kwachokera ku umphawi: alibe bandulo, alibe nthawi yodikira, alibe wogula wachiwiri.

Anzathu a ku Zambia ali ndi chitsanzo chofanana kwambiri ndi cha magemu. M'zaka za m'ma 1970 kunali nyimbo za Zamrock, magulu ngati WITCH ndi Amanaz. Chuma cha dzikolo chitagwa, nyimbozo zinazilala, zimbale zake n'kusanduka zinthu za m'makatoni. Patapita zaka, otolera zimbale akunja anayamba kuzisakasaka, chimbale choyambirira n'kumagulidwa pa madola mazanamazana, pamene woyimba wa WITCH, Jagari Chanda, anali akukumba miyala yamtengo wapatali kuti apeze ya ndiwo. Kukwera mtengo kwa zimbale zakale m'mashelefu a anthu akunja sikunamupatse kanthu. Zinthu zinasintha pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inagwirizana ndi oyimba otsalawo n'kutulutsanso nyimbozo, WITCH n'kudzayambanso kuimba m'maiko akunja. Odziwa onsewa anapeza golide mu mulu womwewo. Wina akhoza kunyamula mwakachetechete, wina akhoza kubwerera kukauza mwini wake. Tikamadandaula za woyambayo, tisaiwale kuti pa benchi ya makaseti, wodziwa wokhala ndi foni m'manja uja ndife.

Ndiye ine ndaima pati? Yankho langa limadalira mafunso anayi, ndipo ndimadzifunsa ndisanatulutse ndalama.

Loyamba ndi losavuta: kodi ndanama? Apa Diogenes, Antipater ndi Marshall onse akugwirizana. Wogulitsa akafunsa kuti, "Kodi zimenezi n'zodula, achimwene?" iwe n'kuyankha kuti, "Aaa, n'zakale izi, palibe amazifuna, ndingokuthandizani," umenewo ndi utambwali, ulibe dzina lina. Ndikudziwa kuti kunenerera ndi chikhalidwe chathu cha pamsika. Wogulitsa amayambira kumwamba, wogula amayambira pansi, wina amanamizira kuchoka, wina amamuitana. Koma sewero limenelo limakoma chifukwa onse awiri akudziwa pafupifupi pamene mtengo weniweni uli. Mmodzi akakhala kuti sakudziwa n'komwe, kukwinya nkhope dala, kuponya kasetiyo pansi ngati chinyalala, kapena kutolerapo tizinthu tiwiri topanda ntchito kuti yeniyeniyo ibisale pakati, zonsezi ndi bodza lonenedwa ndi thupi.

Lachiwiri: wogulitsa ndani? Sitolo ngati Goodwill, kapena Hard Off ya ku Japan imene imaika dala zinthu zosatsimikizika m'mabokosi a "junk" pa mtengo wotsika, inasankha kugulitsa mwachangu m'malo mofufuza chilichonse. Ili ndi antchito, ili ndi intaneti, inawerengera kale kuti zina zidzapita motchipa. Venda wa zamagetsi amene ntchito yake ndi yomweyi, amenenso anagula katoniyo motchipa kwa wina, naye ali m'bwalo. Lero ndamupambana, mawa andigulitsa padi yakufa. Koma mayi amene akugulitsa katundu wa malemu amuna awo, kapena mnyamata amene akusaka ndalama ya mayeso, chawabweretsa pamsika ndi vuto. Kupindula ndi kusadziwa kwa munthu amene akanatha kufufuza koma sanafune, ndi kupindula ndi kusadziwa kwa munthu amene analibe njira yofufuzira, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Apa ndi pamene nkhani ya Goodwill imasiyanira ndi ya agogo aja.

Lachitatu: kusiyana kwa mitengo n'kwakukulu bwanji? Kugula pa K5,000 chinthu cha K15,000 ndi malonda, ndiwo malipiro a maulendo 30 aja. Kugula pa K5,000 chinthu chimene chingalipire lendi ya wogulitsayo ya chaka chonse ndi nkhani ina. Palibe mzere wolembedwa paliponse, koma muyeso wanga ndi uwu: akadzamva mawa, adzaseka n'kunena kuti, "Aise, mwandipeza," kapena adzakhala pansi manja ali kumutu?

Lachinayi: ndikuifuna kuti nditani nayo? Ngati ndikukaiika mu Game Boy n'kuisewera mpaka zala kupweteka, madola aja ndi nambala chabe, sadzalowa m'thumba mwanga. Ngati pofika madzulo ikhala ili pa Facebook ndi mtengo wowirikiza ka 50, ndiye kuti chimene ndagula n'kugulitsa ndi kusadziwa kwa munthu, gemuyo yangokhala chonyamulira. Ena anganene kuti wogulitsa wataya chimodzimodzi m'njira zonse ziwiri, ndipo akunena zoona. N'chifukwa chake funsoli palokha silimanditsuka. Koma m'njira yachiwiri muli ndalama zenizeni zoti n'kugawana, ndiye podzikhululukira palibe.

Funso lachiwiri ndi lachitatu zikandilemera, ndimanena. "Mayi, iyi musagulitse pa mtengo umenewu. Kunja imadula. Kuno ogula ake ndi ochepa, ine ndingakwanitse mwakuti. Mukafuna, sungani mufufuze kaye." Choonadi chonse, kuphatikizapo mbali imene ikundikomera ine, yakuti mtengo wa pa eBay si wa pamsika pano. Ndipo ndisakunamizeni kuti kuchita zimenezi kumabweza nthawi zonse. Nthawi zina munthu akangomva kuti "kunja imadula" amaibisa m'chitenje, n'kuyamba kutchula mtengo wa njinga yamoto pa kaseti iliyonse, ngakhale zachikasu za 9999999 zija. Iwe wabwerera chimanjamanja, ndipo mwina chinthucho sudzachionanso moyo wako wonse. Kwa munthu wa bajeti yochepa, amene mwayi wotere umamupeza kamodzikamodzi, kumeneko n'kutaya kwenikweni. Ndimawamvetsa amene amati mtengo umenewu ndi waukulu. Koma chilungamo chimene chimagwira ntchito pokhapokha chikakhala chaulere ndi ulemu wa pakamwa chabe.

Chimene chimandipeputsira katunduyu ndi mapeto a nkhani ya Stadium Events ija. Nintendo itagula ufulu wake, inaitulutsanso mu 1988 ndi dzina lakuti World Class Track Meet. Gemu yake ndi yomweyo, kuthamanga komweko pa kamphasa, ndipo makope ake alipo ambirimbiri, amagulidwa pa madola ochepa. Madola masauzande aja ndi a lebulo ndi dzina. Izi zikuonetsa kuti kusowa kwa gemu ndi kukoma kwake nthawi zambiri zimayenda njira zosiyana. Magemu amene anthu anawakonda kwambiri ndi amene anapangidwa ambiri. Super Mario Bros. inagulidwa makope opitirira 40 miliyoni, Tetris ya Game Boy pafupifupi 35 miliyoni, makina a PS2 opitirira 150 miliyoni. Zinthu zochuluka chonchi sizisowa, ndiye zikakhala zotsegulidwa ndi zogwiritsidwa kale ntchito, sizidula. Zosowa zambiri zinasowa chifukwa nthawi yake palibe ankazifuna.

Choncho munthu amene akufuna shelefu ya magemu oti azisewera safunikira kusadziwa kwa wina aliyense. Agule makaseti opanda mabokosi, chifukwa bokosi ndi kabuku kake nthawi zambiri ndi zimene zimakweza mtengo. Asankhe makina amodzi, monga PS2 imene ikupezekabe m'matauni mwathu, m'malo mothamangira onse. Aphunzire kupukuta mano a kaseti ndi sipiriti ndi kathonje, kusintha batire, kuwotcherera waya wa padi. Okonza mafoni pamsika zimenezi amazidziwa, ndipo chinthu chogulidwa chakufa n'kudzutsidwa ndi manja ako ndi phindu limene silinachotsedwe m'thumba la munthu. Asinthanitse ndi anzake zimene ali nazo ziwiri. Aike malire a ndalama za pamwezi, zisakhudze lendi kapena ufa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amafunikira wogulitsa wosadziwa ndi uja amene akufuna chosowa chifukwa choti n'chosowa, gemu yotsekeredwa m'bokosi lagalasi kapena lapulasitiki, yopatsidwa giredi, imene sidzayatsidwanso mpaka kalekale.

Wina afunsa kuti, "Nanga kuvutikiranji zonsezi, poti pa foni pali emulator, eti?" Ndi zoona, foni imene muli nayo m'manjayo ingathe kuyendetsa magemu a NES ndi Mega Drive osatuluka thukuta. Njira imeneyo ili ndi funso lakelake, la ufulu wa eni magemu, ndipo ndi loyenera tsiku lake. Koma kupezeka kwake kumatiulula ife otolera. Ngati gemuyo ingathe kuseweredwa popanda kaseti, ndiye kuti chimene timasaka pamsika ndi china: kulemera kwa chinthucho m'manja, phokoso lake polowa m'makina, dzina la mwana wa ku Leeds kapena ku Nagoya lolembedwa ndi maka kumbuyo kwake. Timasaka zinthu zimene zadutsa m'manja mwa anthu. Ndiye ndi zodabwitsa kulemekeza manja onse amene kasetiyo yadutsamo, n'kunyoza omaliza okha, amene akutipatsira.

Otolera zinthu tonse tili ndi khalidwe limodzi. Mlendo akaloza chinthu pa shelefu, timamuuza mmene tinachipezera asanafunse n'komwe. Iyi ndinasinthanitsa ndi mnzanga wa ku Area 25, iyi inabwera yakufa ndinaidzutsa ndekha, iyi anandibweretsera achemwali kuchokera ku Joni. Shelefu imasunga nkhani zimenezi pamodzi ndi pulasitiki, ndipo zimakhala nafe nthawi yaitali kuposa mabatire a mkati mwake. Ine ndikufuna kuti nkhani ya kaseti iliyonse ndizitha kuifotokoza yonse, osadumpha ndime, wondigulitsa uja atakhala pampando pomwepo akumva. Imene ingafune kuti nditsitse mawu poifotokoza, bola pamalo pake pakhale mpata.